Malovu atandithera m'kamwa

Ku Mangochi kuno munthu ukadandaula kuti m'kamwa mwauma, palibe amene amakutchera khutu. Amangoti, "Nanga amene sanaume ndani? Imwani madzi." Ndipo sungawadzudzule. Okutobala akafika mchenga wa kugombe umakana phazi, ndipo amayi oyanika usipa ku Makawa, anyamata a kabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi, asodzi ochokera ku kauni m'mamawa, onsewa amakhala ndi ludzu. Nthenda imene ndikuichitira umboni pano imabisala bwino kwambiri pakati pa ludzu la aliyenseli. Koma ludzu limamva madzi. Ine ndinkamwa mpaka mimba kuti tho, ndikangotula kapu lilime n'kuumanso pompo.

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, pa sukulu ina ya m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, ndipo m'kalasi mwanga mumakhala ana oposa 100. Ntchito yanga yonse ili pakamwa. Mwana wa Sitandade 2 amene kwawo amalankhula Chiyao amaphunzira kuwerenga Chichewa poyang'ana milomo ya aphunzitsi ndi kumvetsera liwu lililonse, choncho ine ndikalephera kutchula, iyenso walephera kuwerenga. Vuto langa linayamba chakumapeto kwa 2022, pamene kolera inavuta kwambiri m'boma lathu lino. Ndimakumbukira chifukwa madzi aliwonse akumwa ankayenera kuthiridwa kolorini, ndipo ine, amene ndinkamwa kuposa banja lonse, ndinkangokhalira kupempha kolorini kwa alangizi a zaumoyo.

Poyamba kanali kanthu kakang'ono. Phunziro lisanafike pakati, lilime linkayamba kukakamira kumwamba kwa m'kamwa, milomo n'kumamatirira ku mano. Ndinayamba kulowa m'kalasi ndi chigubu, kumwa pang'ono pakati pa chiganizo ndi chinzake, fumbi la choko nalonso likuwonjezera moto. Ana ndi ana. Ena ankaseka, ena ankathamangira ku mjigo kukanditungira madzi ndisanawatume. Kenaka nyimbo zophunzitsira zilembo zija ndinazisiya, chifukwa mawu ankasasa ndime yoyamba isanathe.

Chimene chinandiliza ndi chakudya. Munthu wamalovu sadziwa kuti mbamu ya nsima imatsika pakhosi chifukwa pali chimene chaikonzera njira. Kwa ine mbamu iliyonse inkaima pakhosi kudikira madzi oikankha. Usipa wouma wokazinga, ndiwo imene ndinakulira, unkandicheka nkhama ndi lilime. Chinangwa chophika, mbatata, chigumu, mtedza wokazinga, zonsezi zinasanduka chilango. Tsabola wa kambuzi sindinkamuyandikira. Kukoma nako kunachoka: chambo chootcha ndi nkhwani wotendera zinkamveka chimodzimodzi, moti ndinkawonjezera mchere m'ndiwo kuti mwina ndimveko kanthu, ine mwini wake wa BP, bambo a kunyumba akungogwedeza mutu.

Usiku ndiye unali utali. Ndinkadzidzimuka lilime litauma gwa ngati usipa wa pa thandala, osatha ngakhale kuitana munthu. Kumwa, kugona, kudzuka kukataya madzi, kumwanso, mpaka atambala. M'mawa ndinkapita ku ntchito wotopa kale, ndipo ana osalakwa ankalandira ukali umene sunali wawo.

Pali zina zimene munthu sauza dokotala chifukwa saona kuti ndi za kuchipatala. Lamulungu lina la Mgonero, kachidutswa ka mkate kanandikakamira kumwamba kwa m'kamwa, ndipo ndinalimbana nako pa benchi, misozi ikulengeza, mpaka chikho chitandifika. Kuyambira pamenepo ndinkakhala kumbuyo. Ku Mvano ndinali mmodzi mwa oyambitsa nyimbo pa maliro, koma ndinayamba kupereka zifukwa zosapitira. Komanso m'kamwa mouma mumanunkha, ngakhale utsuke chotani. Palibe anandiuza. Ndinkangoona aphunzitsi anzanga akubweza mutu pang'ono ndikayamba kulankhula, ndipo ndinaphunzira kuyankhula mpango uli pakamwa. Ngakhale kuchipinda ndinkagona moyang'ana kukhoma. Bambo a kunyumba anakhala nthawi yaitali akudzifunsa chimene andilakwira.

Thupi litayamba kutha, pa lilime n'kubwera zoyera, m'mbali mwa milomo n'kung'ambika, manong'onong'o anayamba. Inu mukudziwa chimene anthu amaganiza akaona munthu akuwonda ali ndi zoyera m'kamwa. Tinapita awiri kukayezetsa magazi, ndipo kachilombo sikanapezeke. Ndinene pano kuti kakanapezeka sichikanakhala chamanyazi, pakuti mankhwala alipo, ndipo amene ali ndi HIV nawonso m'kamwa mumawauma, akusowa chithandizo chomwechi. Azakhali anga atamva zotsatirazo anati, "Ndiye ndi za anthu zimenezi, mwana wanga. Alipo wina pa sukulupo amene sakugona nawe tulo. Tiye tikaombeze." Sindinapite. Amayi a Mvano ndi amene ankabwera kunyumba kudzandipempherera, ndipo ndimakhulupirira kuti mapempherowo anamveka, ngakhale yankho linachedwa n'kudzera khomo limene sindinkaliyang'ana.

Pa nthawi yonseyi aliyense wondifunira zabwino anali ndi langizo limodzi: muziyamwa kanthu. Ndipo zinkathandizadi kwa kamphindi. M'chikwama mwanga simunkasowa masuwiti. Malambe kuno ali paliponse, bwemba nayenso, ndiye ndinkamwamwa tsiku lonse. Pa buleki ndinkagula filizesi ya malambe, madzulo tiyi wa shuga, ndipo pogona suwiti inkatsala m'tsaya. Mmene chaka chinkatha, mano amene anandisunga bwinobwino mpaka ukulu wanga anali atayamba kuda m'munsi, pamene dzino limakumana ndi nkhama, ena n'kumabenthuka okha ndikudya nthochi.

Dzino lotafunira lina litandigoneka pansi, ndinapita ku chipatala china. Mzere unali wautali, wothandiza mmodzi. Anayang'ana dzino limene ndinaloza, kubaya jakisoni, kuzula, kundipatsa Panado, n'kuitana wotsatira. Patapita miyezi ndinabwerera ndi lina, zinayendanso chimodzimodzi. Sindimusungira chakukhosi munthu uja. Ululu anandichotseradi, ndipo kunja kunali khamu logwira masaya. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Mangochi lokha lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, dziko lonse oposa 17 miliyoni, pamene madokotala a mano a digiri m'Malawi monse pa nthawiyo sankakwana 50. Ntchito yaikulu imagwera amene anaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, amenenso ndi ochepa. Kafukufuku wa dziko lonse amene a Kelias Msyamboza ndi anzawo anafalitsa mu 2016 anapeza kuti pafupifupi theka la akuluakulu ali ndi mano owola, ndipo amene anamatidwapo dzino ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene anazulidwa. Kwathu kuno kupita kwa adokotala a mano ndiye kuti kukazulitsa. Koma kuzula kumachotsa dzino lokha, chimene chikuwoletsa mano chimatsala m'kamwa momwemo chikudikira lotsatira.

Litayamba kuda la kutsogolo ndinachita mantha. Mphunzitsi wopanda mano akutsogolo atchula bwanji "sa", "fa", "tha"? Ndinakwera minibasi kupita ku chipatala chachikulu cha ku boma, ndikupemphera kuti lokhalo asalizule. Ndinapeza mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandigoneka pa mpando, n'kulowetsa kagalasi kawo kaja m'kamwa, ndipo atakagunditsa m'kati mwa tsaya kanakakamira. Anakakoka, n'kukayesanso pa lilime, kanakakamiranso. Dzino ndinabwerera lija sanaliyang'ane kaye.

"Amayi, m'kamwa mwanumu mwakhala mouma chonchi kuyambira liti?"

Ndinalephera kuyankha. Ndinangoyamba kulira. Chiyambire vutoli, uyu anali munthu woyamba kuliona ndisanalitchule, woyamba amene sanandiuze kuti ndimwe madzi.

Anandiuza kuti ndikweze lilime. Anati pansi pa lilime la munthu wabwinobwino pamakhala kadziwe ka malovu, koma panga panalibe, panali tithovu tochepa tokha. Anasisita kutsogolo kwa makutu ndi kunsi kwa chibwano kuona ngati patuluke kanthu. Kenaka anandipatsa kakapu, kuti ndikhale chete mutu utaweramira pansi, osameza, malovu azingodonthera momwemo kwa mphindi zingapo. Zimene zinapezeka m'kakapumo sizinkaphimba ngakhale pansi pake.

Atatero anakoka mpando n'kuyamba mafunso amene sindinayembekezere m'chipinda cha mano. Kodi pali mawu amene akukuvutani kutchula? Chakudya chikukoma monga kale? Munasiyapo kudya pakati chifukwa cha m'kamwa? Mumachita manyazi pagulu? Mwayamba kupsa mtima msanga? Ntchito ikugwirika? Funso lililonse linkatsegula chinthu chimene ndinabisa: za mkate wa Mgonero, za mpango, za kukhoma kuja. Potsiriza anati, "Tandionetsani mabuku anu onse a kuchipatala, mundiuzenso mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale ogula pa okala."

Apo mpamene nkhani inamasuka. Kwa zaka ndithu ndinkamwa kapiritsi ka BP kotchedwa hydrochlorothiazide, kamene kamatsitsa BP pochotsa madzi ndi mchere m'thupi kudzera mu mkodzo. Mapazi atayamba kutentha usiku, kwina anandilembera amitriptyline, amene amaziziritsa ululu wa mitsempha koma amadziwika kwambiri poumitsa m'kamwa. Nyengo ya mwera, fumbi likandiyetsemulitsa, ndinkagula Piriton, amenenso amaumitsa. Mankhwala atatu, aliwonse ndi chifukwa chake chomveka, koma panalibe amene anawaika pa tebulo limodzi n'kuwaona pamodzi. Ndiye anafunsa ngati ndimakodza pafupipafupi, ngati nyerere zimabwera pamene ndatayira madzi. Ananditumiza kukabayidwa chala. Shuga anali pamwamba zedi.

"Mapazi otenthawa, ludzuli, kuwondaku, zoyera za pa lilimezi ndi manowa, n'kutheka kuti muzu wake ndi umodzi," anatero. "Koma chonde amayi, musasiye mankhwala aliwonse panokha. Tengani kalata iyi mupite nayo ku kiliniki ya shuga ndi BP. Dzino lanu lakutsogololi sitizula. Timata."

Ndilongosole pang'ono zimene ndinaphunzira kuyambira tsiku limenelo, chifukwa malovu timawanyoza, timawayesa uve wongolavula. Munthu wamkulu amapanga malovu pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka tsiku lililonse. Ambiri amachokera m'ziwalo zazikulu zisanu ndi chimodzi, zitatu mbali iyi zitatu mbali inayo: kutsogolo kwa khutu, kunsi kwa chibwano ndi pansi pa lilime. Munthu akangokhala osadya kanthu, amatuluka pafupifupi 0.3 kapena 0.4 ml pa mphindi, ndipo akatsika kufika pa 0.1 ml kapena kucheperapo, madokotala amati ziwalozo zafooka. Kakapu kaja kankayeza zimenezi.

Ntchito yake ndi iyi. Tikadya chinthu cha shuga, tizilombo tokhala pa mano timamusandutsa asidi, ndipo asidiyo amayamba kusungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu amakokolola zotsalira, amapha mphamvu ya asidiyo, n'kubwezera m'dzino timichere ta calcium ndi phosphate timene tinachoka. Zimenezi zimachitika mwakachetechete tikangomaliza kudya. Amaletsanso tizilombo toyambitsa zoyera zija kuchulukana, ndipo ndi amene amasungunula chakudya kuti lilime limve kukoma. Tsono taganizani m'kamwa mopanda malovu, muli suwiti kuyambira m'mawa mpaka usiku, pamwamba pake malambe ndi bwemba amene ndi owawasa kale, mwini wake ali ndi shuga wosadziwika. Mano anga analibe wowaimira. Ndipo usiku, pamene malovu amachepa kwa wina aliyense, suwiti ya m'tsaya ija inkagwira ntchito yake mpaka kucha.

Ku kiliniki anandiyambitsa metformin. Kapiritsi ka BP kaja anakasintha n'kundipatsa enalapril, amitriptyline anamutsitsa pang'onopang'ono akuona mmene mapazi akuchitira, ndipo Piriton anati ndisamamwe mwachizolowezi. Zoyera za pa lilime zinatha ndi nystatin wodontheza m'kamwa. Ku mano anandimata amene akanatha kupulumuka, ndi zomatira zoyera zimene zimatulutsa fluoride pang'onopang'ono.

Zotsalazo zinali za kunyumba, ndipo zambiri ndi zotsika mtengo. Madzi ndimamwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kuwazunguza m'kamwa ndisanameze. Mano ndimatsuka m'mawa ndi pogona ndi mankhwala otsukira okhala ndi fluoride, ndipo apa panali chachilendo: ndikamaliza ndimangolavula thovu, osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Ndikadya ndimachukucha ndi madzi osungunuliramo kasoda pang'ono, soda yemweyu wa therere, ndi kamchere. Mankhwala a m'botolo ochukuchira amene ali ndi mowa anandiletsa, chifukwa amaumitsanso. M'malo mwa suwiti ndimatafuna chingamu chopanda shuga, ngakhale kuno chimasowa, mpaka kutuma opita ku Blantyre. Tiyi ndinachepetsa, shuga n'kuchotseratu. Pogona ndimapaka dontho la mafuta ophikira pa lilime ndi m'masaya, Vaseline pa milomo. Ku khitchini nako kunasintha: mgaiwa wofewa, usipa wauwisi wa msuzi wambiri, masamba otendera, ndi therere, limene ndinkalinyoza ndili mtsikana koma linandidyetsa nsima miyezi imene ndiwo zina zonse zinandikana. Malambe sindinawasiyiretu, koma ndimadya pa nthawi ya chakudya, n'kuchukucha pambuyo pake.

Sizinasinthe tsiku limodzi. Choyamba kutha chinali kudzuka usiku, shuga atayamba kutsika. Kenaka ndinaona kuti ndafika kumapeto kwa phunziro chigubu chili chodzadza. Madzulo ena mtsikana wanga ankakazinga anyezi ndi matimati kuti athiremo chambo, ine ndili pa khonde ndikuchonga makope. Fungo litandifika, ndinamva kunsi kwa chibwano kukuthina, m'kamwa n'kudzadza. Ndinameza malovu anga. Ndinasiya makope pomwepo n'kugwada. Amene sanadwalepo nthendayi angaone ngati ndikukokomeza, koma ine ndinathokoza Mulungu chifukwa cha malovu, ndipo ndinakumbukira kuti Ambuye Yesu, pochiritsa munthu wobadwa wosaona, anakanya thope ndi malovu omwewa.

Nditapeza mphamvu, uphunzitsi unandituma kufufuza. Mwana wanga anandithandiza pa foni, ndipo ndinapeza kuti mafunso a mtsikana uja sanali ongopeka pa chifundo chake. Ofufuza za mano anazindikira kalekale kuti kuwerenga mano owola ndi ozulidwa sikunena zonse za mmene munthu akuvutikira. Mu 1994 a Gary Slade ndi a John Spencer ku Australia anakonza mafunso 49 oyezera mmene matenda a m'kamwa akusokonezera moyo wa munthu, ndipo mu 1997 a Slade anawafupikitsa kukhala 14. Amatchedwa OHIP-14, ndipo anamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Amafunsa za katchulidwe, kukoma kwa chakudya, ululu, manyazi, kupsa mtima, ntchito, mpaka ngati moyo ukukomabe. A Murray Thomson a ku New Zealand ndi anzawo mu 1999 anakonza mafunso ena a kuuma m'kamwa kokha. Kafukufuku wogwiritsa ntchito mafunso oterewa wakhala akuonetsa kuti anthu ouma m'kamwa amavutika kwambiri pa zinthu zomwe ndatchulazi. Kuwerenga zimenezi kunandichotsera mtolo wina. Manyazi anga aja anali mbali ya nthendayo, yodziwika ndi yolembedwa, moti wina ku Australia anaona kuti ndi yoyenera kuifunsa.

Pa za mankhwala, ofufuzawo amanena mosabisa, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Mu 2011 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku 36, wokhudza anthu pafupifupi 1,600, wa zinthu zopopera, zopaka, zochukuchira ndi zotafuna pofuna kuthetsa kuuma m'kamwa. Linapeza kuti palibe umboni wamphamvu wosonyeza kuti chilipo chimodzi chimene chimathetsa vutoli. Chingamu chimawonjezera malovu kwa amene ziwalo zawo zikadali ndi mphamvu, malovu ochita kupanga amanyowetsa kwa kanthawi, basi. Aliponso mapiritsi a pilocarpine, ochokera ku chomera cha jaborandi cha ku Brazil, amene amakakamiza ziwalozo kutulutsa malovu, koma amatulutsanso thukuta kwambiri, chinthu chosafunika kuwonjezera kuno kunyanja, ndipo odwala mphumu kapena mtima ayenera kusamala nawo. Choncho akakuuzani mu minibasi kuti botolo ili limachiza kuuma m'kamwa, shuga ndi BP nthawi imodzi, sungani ndalama yanu mukakwerere ulendo wa kuchipatala.

Ndiyenera kunenanso kuti ine ndinali ndi mwayi, chifukwa ziwalo zanga zopanga malovu zinali zamoyo, zinangopanikizidwa ndi shuga ndi mapiritsi. Alipo ena amene ziwalozo zinawonongeka. Amene anawotchedwa khansa ya m'mutu kapena pakhosi ndi makina a cheza kawirikawiri malovu sabwerera monga kale. Ilinso nthenda ina imene dokotala wa maso wa ku Sweden, Henrik Sjögren, anailongosola mu 1933, imene chitetezo cha thupi chimaukira ziwalo za malovu ndi za misozi, moti m'kamwa ndi m'maso mumauma pamodzi, ndipo imagwira kwambiri amayi. Anthu oterewa umboni wanga usawapweteke mtima pomaganiza kuti sakuchita khama. Kwa iwo nkhondo ndi yoteteza mano ndi kufewetsa m'kamwa tsiku ndi tsiku, ndipo akufunika dokotala wa mano wowaona kawirikawiri kuposa ine.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi kuchuluka kwa anthu amene ali pa njira yomwe ndinadutsa. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa 2009 anapeza kuti mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo 5.6 pa 100 alionse ali ndi shuga, ambiri osadziwa. Tsiku la kiliniki ndimayang'ana anzanga pa benchi: uyu ali ndi botolo la madzi, uyo akunyambita milomo, agogo awo akumwamwa suwiti. Amatiyeza BP, kutibaya chala, nthawi zina kutiona mapazi. Pempho langa kwa anamwino ndi madokotala athu ndi laling'ono, losafuna bajeti: awonjezere funso limodzi lakuti "M'kamwa mukuuma?", ndipo a mano nawo, akaona mano akuwola m'munsi mwa munthu wamkulu, apemphe buku la kuchipatala asanagwire chozulira.

Zoyambira zilipo. Mu 2019 College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano a digiri kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dziko lino, mothandizana ndi University of Glasgow pa ntchito ya MalDent, ndi ndalama za boma la Scotland. Mu Epulo 2022 Malawi anakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa, ndipo oyamba a sukulu ija anamaliza maphunziro mu 2025. WHO nayo mu 2021 inaika mankhwala otsukira mano a fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, pamodzi ndi zomatira zija anandimata nazo. Ndikufuna ndidzaone ena mwa madokotala atsopanowa atatumizidwa kuno, ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Makanjira, asathere onse ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndikufunanso mtengo wa mankhwala otsukira mano utsike, chifukwa mayi wogulitsa mandasi akasankha pakati pa chubu ndi sopo, amasankha sopo.

Mano anazulidwa aja sanabwerere, ndipo ndimatafunira mbali imodzi pamene ndikusunga ndalama za oikirira. Nyengo yotentha ndimadzukabe nthawi zina kufuna madzi. Koma m'kalasi ndikuimbanso, ku Mvano ndinabwerera kutsogolo, ndipo bambo a kunyumba, nditawalongosolera za kukhoma zija, anangoti, "Amayi, bwenzi mutanena. Ine ndimayesa ndatha ntchito pakhomo pano."

Pafupi ndi kwathu pali mayi wina wogulitsa nsomba, Msilamu, amene timabwerekana mchere ndi moto. M'mwezi wa Ramadan ndinamuona akuvutika kulankhula ndi ogula, milomo itang'ambika, ndipo akangomasula madzulo ankathamangira masuwiti. Nditamufunsa anati, "Ndi swaumu chabe, aphunzitsi, ikatha zitha." Eid inadutsa, koma m'kamwa munali chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti, "Achemwali, tengani mabuku anu onse ndi mapaketi a mankhwala alionse ali m'nyumbamo, mawa tikwere limodzi." Iye shuga sanamupeze. Anali mapiritsi a BP pamodzi ndi ena a chimfine amene ankagula kuti azimugonetsa, ndipo mano awiri anali atayamba kale kuda m'munsi. Anamumata onse. Ashehe a kumzikiti kwawo anamutsimikizira kuti mswachi ndi kuchukucha osameza siziswa swaumu, ndiponso kuti wodwala amaloledwa kudzabweza masiku ake akachira. Ku kiliniki anamuuza kuti Ramadan ikamayandikira adzabwere, adzakonze naye limodzi nthawi yomwera mapiritsi pakati pa kumasula ndi daku, chakudya cha m'bandakucha.